Zisoti za pa kabaza zanyansa, ndipo olakwa akudziwika

Nyuzipepala ino yakhumudwa ndi mmene zisoti za pa njinga zamoto za kabaza zikusamalidwira m'dziko muno. Sitipita m'mbali: zambiri mwa zisoti zimene anthu akupatsidwa kuti avale sizoyeneranso kufika pamutu pa munthu.

Aliyense amene anakwerapo kabaza ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mtandire, ku Area 25 kapena ku Chibavi akuchidziwa chisoti chimene tikunena. Kunja n'chokalikakalika, ndipo mng'alu wake anaumata ndi selotepi kapena kuusoka ndi waya. Galasi linathyoka kalekale. Lamba wa pachibwano anaduka, kapena alipo koma chomangira chake chinatayika. Nsalu ya m'kati yada bii ndi thukuta, fumbi ndi mafuta a m'tsitsi a anthu osawerengeka, ndipo fungo limayamba kukufika chisoticho chikadali m'manja mwa mwini wake.

Chisoti chimenechi ndicho akupatsidwa mayi woyembekezera wopita ku sikelo, mphunzitsi wothamangira belu ndi mwana wa sukulu.

Za anthu oyenda mitu ili pamtunda zanenedwa kale kambirimbiri. Lero tikudzudzula chinyengo china chimene chazika mizu pakati pathu, choti chilichonse chokhazikidwa pamutu chiziwerengedwa kuti ndi chitetezo.

Malamulo a pamsewu a dziko lino, amene tsinde lake ndi Road Traffic Act ya 1997, amafuna kuti woyendetsa njinga yamoto ndi amene wamukweza onse avale chisoti. Cholinga cha lamuloli n'choti munthu akagwa pa phula adzuke ali ndi nzeru zake. Chisoti chimene sichingachite zimenezo chikunyoza lamulo ngakhale chili pamutu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zikupha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo kuno ku Africa ndiko imfazi zachuluka kwambiri tikaziyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Bungwe lomweli limati chisoti chimachepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Koma likunena za chisoti cholimba, chokwana bwino ndi chomangidwa pachibwano. Chija cha pa siteji sichili m'chiwerengero chimenecho.

Popeza ena akuchita ngati anaiwala, tikumbutsane mmene chisoti chimapulumutsira munthu. Pansi pa chigoba cholimba cha kunja pali chinthu choyera, chopepuka, chofanana ndi chija amatchinjirizira wailesi yakanema yatsopano m'katoni. Mutu ukamenya pansi, choyeracho chimafinyika, ndipo pofinyikapo chimamwa mphamvu imene ikanagwedeza ubongo m'kati mwa chigaza.

Ntchito imeneyi chimagwira kamodzi kokha. Chikafinyika sichibwereranso mwakale, ngakhale kunja chisoticho chizioneka chabwinobwino.

N'chifukwa chake opanga zisoti amanena mosabisa kuti chisoti chimene chamenyetsedwa pa ngozi chitayidwe. Ambiri a iwo amalangizanso kuti ngakhale chimene sichinachitepo ngozi chisinthidwe pakatha zaka pafupifupi zisanu. Kwathu kuno chisoti chotoledwa pamalo a ngozi amangochipukuta, m'mawa mwake n'kuchiveka munthu wina.

Mlandu woyamba tikuutula pakhomo pa eni njinga. Achinyamata ambiri amene akuotchedwa ndi dzuwa pamsewu njingazo si zawo. Eni ake ali m'maofesi, m'mashopu ndi m'mabizinesi awo, ndipo madzulo alionse amalandira ndalama imene anapangana ndi woyendetsa.

Mabwana amenewa amadziwa tsiku losintha oyilo. Tayala likatha amagula lina msanga, chifukwa njinga yoima siibweretsa ndalama. Koma miyezi imatha osatenga chisoti m'manja n'kuchitembenuza kuti aone m'kati mwake. Injini amaiwerengera, mutu wa munthu ayi.

Asatinamize kuti chavuta ndi ndalama. Madzi ndi sopo siziboola m'thumba mwa munthu amene anakwanitsa kugula njinga.

Kutsuka chisoti sikufuna sukulu. Zisoti zambiri zili ndi nsalu ya m'kati ndi timapilo ta m'masaya zimene zimachotseka. Zimenezi zichapidwe pamanja m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofewa, monga wosambitsira makanda, ndipo zitsukuluzidwe mpaka thovu lonse litatha. Pofinya zisapotokoledwe, n'kokwanira kuzipsinja pakati pa thaulo louma.

Chimene nsalu yake siichotseka chitsukidwe chonsecho mofatsa m'beseni, kenaka chivundikiridwe pamalo opita mphepo kuti madzi atsike. Kuyanika n'kwa pamthunzi, ndipo kumafuna kudekha, makamaka nthawi ya mvula. Chisoti chovalidwa chisanaume chimachita nkhungu n'kununkha kuposa poyamba. Mwini njinga wanzeru amakhala ndi chisoti chapadera chodikirira pamene chinzake chikuuma.

Zimene tikuona pamsewu n'zosemphana ndi zonsezi.

Woyendetsa akaona phula kapena girisi pa chisoti amanyowetsa kansanza ndi petulo n'kupukuta. Wina amatenga palafini, wina mankhwala osungunulira penti. Petulo akakhudza choyera chija chimasungunuka pomwepo. Pa chigoba cha pulasitiki amagwira ntchito yake mwakachetechete, kuchifooketsa popanda chizindikiro, mpaka tsiku limene chidzaphwanyike pamutu pa munthu.

Masiku a kusowa kwa mafuta tonse taona zigubu ndi mabotolo a petulo atamangidwa mtolo umodzi ndi chisoti kumbuyo kwa njinga. Taonanso chisoti chitavundikiridwa pa thanki, pamwamba penipeni pa chitsekero chotulukira mpweya wa petulo. Wochita zimenezi akuwononga ndi manja ake chinthu chimene chikanamupulumutsa.

Kutentha nako kukumaliza zisoti. Chonyowa ndi mvula amachiyanika pambali pa mbaula kapena pa injini yotentha. Chouma amachisiya tsiku lonse pa dzuwa la mu Okutobala, kaya ndi ku Nchalo kaya ku Karonga, guluu wogwira za m'kati n'kumalekerera pang'onopang'ono.

Pa siteji chisoti chasanduka mpando. Chasanduka dengu lonyamulira tomato ndi usipa. Chimapachikidwa pa galasi loonera kumbuyo, limene m'mphepete mwake mumakanikiza choyera chija pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Chikagwa pa simenti amangochitola n'kuchikuntha fumbi, ngati kuti fumbilo ndilo linali vuto.

Za galasi la kumaso tikhalitsepo, chifukwa pamenepa ngozi imayambira chisoti chisanayesedwe n'komwe.

Fumbi la m'misewu yathu ndi timchenga. Amene amalipukuta louma ndi chikhatho kapena ndi malaya akukanda galasi, ndipo pakutha pa mwezi limakhala la mbuu. Njira yoyenera ndi kuyala kansalu konyowa pagalasipo kwa mphindi zingapo kuti fumbi ndi tizilombo touma tifewe, kenaka n'kutsukuluza ndi madzi ambiri.

Masana galasi lokandika limangosowetsa mtendere. Usiku limachititsa khungu. Kuwala kwa nyali za galimoto yochokera kutsogolo kumamwazikira m'zokandika zonse zija, woyendetsa n'kuthobwa m'maso osaonanso dzenje, mbuzi kapena munthu woyenda m'mbali mwa msewu.

Akatopa nalo amalikweza m'mwamba kapena kulithyola, n'kumayenda maso ali poyera pakati pa fumbi, mvula ndi tizilombo. Pa msewu wa M1, pakati pa mathiraki ndi mabasi, kutsinzina kamodzi pa nthawi yolakwika kumakwana kusiya ana amasiye. Galasi limagulitsidwa palokha ndipo limasinthika. Kuyenda ndi lokandika ndi kusasamala, palibe dzina lina.

Lamba ndiye amanyozedwa kuposa zonse. Chisoti chosamangidwa chimavuka mutu usanafike pansi. Lamba womangidwa bwino amalola chala chimodzi kapena ziwiri zokha kulowa pansi pa chibwano. Thukuta ndi fumbi zimamuumitsa, dzimbiri limadya chomangira, ulusi umatha, koma palibe amene amamuyang'ana mpaka ataduka. Akaduka, ulendo umapitirira.

Ndipo chisoti chimodzi chomwecho ndicho akuveka bambo wa mutu waukulu ndi mwana wa Sitandade 3. Pamutu pa mwanayo chimangozungulira ndi kumutseka maso. Kholo limene limalola zimenezi m'mawa uliwonse lisadzinamize kuti mwana wake watetezedwa.

Tsopano za litsiro lenilenilo. Zipere za m'mutu zimafala kudzera m'zipewa, zipeso ndi makina ometera obwerekana. Nsabwe nazo zimatha kuyenda njira yomweyo. M'chisoti chofunda, chonyowa ndi thukuta, chodutsa pamitu yambirimbiri kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, matenda a pakhungu apeza pobisala.

Ometa tsitsi tinawazolowetsa kupukuta makina awo ndi sipiriti asanamete munthu wina, ndipo wosatero makasitomala amamuthawa. Chisoti chimakuta mutu wonse, chimagunda masaya, chimakhala pafupi ndi mphuno ndi pakamwa, koma palibe amene akuchifunsa kanthu.

Choipitsitsa cha litsiro n'chakuti limapatsa wokwera chifukwa chokanira chisoti. Mayi amene wangoluka tsitsi lake akachinunkhiza amachibweza. Bambo wovala malaya oyera wopita ku ntchito amachigwirizira pamwendo mpaka ataona apolisi patsogolo. Mtsikana amachikhazika pamwamba pa mutu osachitsitsa, osachimanga, kuti chisamukhudze kumaso.

Onsewa akagwa amagwa ndi mutu wopanda kanthu. Amene amathamangira kunena kuti okwera kabaza ndi osamva ayambe wavala chisoti chimene akuwapatsacho kwa mphindi khumi pa dzuwa la masana.

Mlandu wachiwiri ukupita kwa ogulitsa ndi kwa amene anapatsidwa udindo wowayang'anira. M'misika ya ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, komanso m'mashopu a zipangizo za njinga m'maboma a m'malire, mukugulitsidwa zisoti zimene munthu angathe kuzipinda ndi manja awiri. Zina m'kati mwake mulibe choyera chija n'komwe, muli kasiponji kopyapyala basi.

Ena akuvala zipewa za amisiri omanga nyumba, zimene zinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, osati munthu wogwa pa liwiro. Ena akugula zisoti za pa kaunjika zimene palibe angauze wogula kuti zinagwapo kangati kumene zinachokerako.

Miyezo ya zisoti ilipo ndipo ndi yodziwika. Chisoti choyesedwa motsatira lamulo nambala 22 la United Nations chimakhala ndi kansalu kosokeredwa pa lamba, kokhala ndi chilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira. Cha muyezo wa ku America chimalembedwa DOT kumbuyo. Achinyengo amakopera zizindikirozi, n'chifukwa chake wogula wamba amafunika bungwe lomuimira.

Bungwe limenelo ndi Malawi Bureau of Standards (MBS), ndipo lilipo kuyambira mu 1972. Katunduyu sagwa kuchokera kumwamba. Amalowa m'dziko lokhala ndi zipata zodziwika, pa Songwe, pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji ndi pa Muloza, ndipo amayalidwa masanasana m'misika imene maofesala a boma amadutsamo. Tikufuna MBS iuze mtundu wa Amalawi poyera kuti yayesa zisoti zingati, yabweza zingati, ndipo ndi ziti zimene munthu angagule mtima uli m'malo.

Maiko anzathu anayambapo kale. Ku Kenya malamulo a mu 2015 amafuna kuti njinga yamoto igulitsidwe pamodzi ndi zisoti ziwiri. Ku Kigali woyendetsa aliyense amayenda ndi chisoti cha wokwera, ndipo mu 2020, nthawi ya Covid-19, dziko la Rwanda linalamula kuti zisoti zizipukutidwa ndi mankhwala komanso kuti wokwera aziyamba wavala kansalu kumutu. Mu 2024 dzikolo linatsegula malo oyesera kulimba kwa zisoti. Amenewa si maiko a kutsidya kwa nyanja. Anangoganiza kuti mitu ya nzika zawo ndi ya mtengo wapatali.

Mlandu wachitatu ndi wa apolisi a pamsewu ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Pa rodibuloko wapolisi amangoyang'ana ngati pamutu pali kanthu. Lamba samukoka, mng'alu sauona, chipewa cha pa ntchito yomanga amachilola kudutsa.

Pa chipikisheni njinga zimalandidwa n'kuunjikidwa pa polisi. Eni ake akalipira chindapusa zimatuluka ndi zisoti zomwe zija, zong'aluka monga zinalowera. Boma lapeza ndalama, wokwera wa mawa sanapindule kanthu.

Galimoto siiloledwa pamsewu popanda chiphaso chosonyeza kuti ili bwino. Matayala, mabuleki ndi nyali zimayesedwa. Pa njinga yamoto palibe chitseko, palibe denga, palibe lamba wa pampando. Chitetezo chonse cha munthu ndi chisoti. Nanga bwanji chimenechi ndicho chosayang'anidwa?

Makhonsolo a mizinda ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'madera awo, ndipo akudziwa pamene pali siteji iliyonse. Bungwe la akabaza la Macokasa ndi makomiti a pa siteji nawonso asadzichotse. Tcheyamani amene amatha kuimitsa mnzake chifukwa cholanda kasitomala angathenso kumuimitsa chifukwa cha chisoti chopanda lamba. Komiti imene imatha kusonkha ndalama za chipepeso mnzawo akafa ingathenso kugula beseni, ndowa ndi sopo akadali moyo.

Kwa inu oyendetsa, tikudziwa kuti mafuta akwera mtengo, bwana akufuna ndalama yake madzulo ndipo kunyumba akudikira ufa. Zonsezi n'zoona. Koma walira mvula walira matope. Tsiku limene munavomera kunyamula munthu pa njinga munasenzanso udindo wa mutu wake, ndipo umphawi sufafaniza udindo umenewo. Nanunso mumavala chisoti chomwecho maola ambiri kuposa wina aliyense.

Mapeto a kulekerera konseku ali m'mawodi a Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa ovulala pa kabaza. Mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha LION choona za mafupa ndi opaleshoni ya ubongo, ndipo tikuyamikira. Koma palibe chipatala chimene chingathe kulandira mitu yonse imene tikuitumiza kumeneko mwa kusasamala kwathu.

Fupa lothyoka limalumikizika. Ubongo ukawonongeka kawirikawiri subwerera mwakale. Madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ndi ochepa zedi, ndipo wovulalira ku Nsanje kapena ku Chitipa ayenera kuyenda mtunda wautali magazi akuundana m'chigaza.

Amene wapulumuka nthawi zina amabwerera kwawo ali munthu wina. Wina amayamba kugwa khunyu. Wina amafa ziwalo mbali imodzi. Wina amaiwala mayina a ana ake, kapena amasanduka waukali pamene anali wofatsa, achibale n'kuyamba kulozana zala kuti alipo wamulodza.

Mkazi wake amagona pansi m'chipatala milungu ingapo monga womudikirira, munda uli wosalima ndipo geni itaima. Mbuzi zimagulitsidwa, kenaka malata. Mwana wamkulu amasiya sukulu. Mabanja oterewa sawerengedwa m'malipoti a ngozi, chifukwa pa pepala munthuyo sanafe.

Nduna yoona za mtengatenga ndi mkulu wa apolisi asadikire tsiku la mwambo kuti alankhule. Chisoti chong'aluka, chopanda lamba kapena chosakhala cha njinga yamoto chiwerengedwe ngati palibe chisoti, chilandidwe ndi kuphwanyidwa pamaso pa mwini wake kuti chisabwererenso pamsewu. Chindapusa chake chigwere mwini njinga, amene amadya phindu lake. Njinga iliyonse yatsopano izituluka m'shopu ndi zisoti ziwiri zovomerezeka. Ngati msonkho ndiwo ukukweza mtengo wa zisoti zabwino, Unduna wa Zachuma ndi bungwe lotolera misonkho la MRA auonenso, chifukwa ndalama zochizira mutu umodzi wosweka zikuchokera m'thumba lomwelo la boma.

Inu okwera, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndalama mukulipira ndi yanu, mutunso ndi wanu. Musanakwere tembenuzani chisoti muone m'kati, kokani lamba, yang'anani ming'alu. Yendani ndi duku kapena kansalu kopyapyala koyamba kuvala kumutu, ndipo mukafika kunyumba kachapeni. Ngati mumakwera kabaza tsiku lililonse, sungani ndalama mugule chisoti chanuchanu, chokwana mutu wanu.

Akakupatsani chong'aluka kapena chopanda lamba, muuzeni woyendetsayo chifukwa chake pamaso pa anzake, ndipo mukwere njinga ina.